Makina Amakono ndi Ntchito ya Mphunzitsi: Tigule Chiyani, Tigulire Yani?

Awa ndi mawu amene adalankhula mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'boma ku mbali ya zamaphunziro, pa msonkhano waukulu wa pachaka wa bungwe lathu umene udachitikira m'holo ya pasukulu yathu. Tawasindikiza onse kuti mamembala amene adalephera kubwera awerenge asanatumize maganizo awo ku komiti. Mkonzi.



Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata woti ndilankhule. Ndaima pano ngati mwana wa pasukulu pano, sindidatumidwe ndi ofesi imene ndimagwirako ntchito, choncho zimene ndinene ndi za ine mwini. A Msungichuma atiuza m'mawa muja kuti ndalama zimene takhala tikusonkha zafika poti n'kuchitira chinthu chooneka, ndipo ambiri mwa ife mtima uli pa makompyuta. Inenso ndikugwirizana nazo. Komabe tisanatulutse ndalama kubanki, ndikupempha kuti tiyankhe funso limodzi: kodi makina amene tikufuna kugulawo akamuthandiza bwanji mphunzitsi wa pasukulu pano kugwira ntchito yake mofika pa muyeso umene boma lidamuikira? Tikalephera kuyankha funso limeneli, tidzamanga chipinda chokongola, tidzadula riboni, tidzajambulitsa, koma pakatha zaka ziwiri tidzapeza makinawo atafundidwa zitenje ndipo kiyi ali m'thumba mwa munthu mmodzi.

Ndiyambe ndi kufotokoza za muyeso ndikunenawu, popeza ambiri muno si aphunzitsi. Mu 2015 Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa buku lotchedwa National Education Standards, limene lili ndi miyeso 26 yoyezera sukulu za pulayimale ndi sekondale. Ina mwa miyesoyi imaona za mwana, ina za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu, ndipo 8 imaona za kaphunzitsidwe. Mwa zina imafuna kuti mphunzitsi adziwe bwino phunziro lake ndi silabasi yake, akonzekere asanalowe m'kalasi, aphunzitse mwa njira yoti ana amve, awayese moona ndi kugwiritsa ntchito zotsatira za mayesowo powathandiza, aganizire ana onse kuphatikizapo olumala ndi ochedwa kumva, ndiponso asunge mwambo m'kalasi popanda nkhanza. Pa muyeso uliwonse pali masitepe anayi. Sitepe yoyamba ndi ya amene sadafike pa muyeso, yachiwiri ndi ya amene afika, yachitatu ndi ya amene apitirira, ndipo yachinayi ndi ya amene ena angabwere kudzaonerako.

Oyendera sukulu akabwera sawerenga makompyuta. Amapempha sikimu ya mphunzitsi ndi kaundula wa zimene waphunzitsa kale, amakhala pa desiki la kumbuyo kumvetsera phunziro lonse, kenaka amatenga makope a ana angapo kuti aone ngati amachongedwa ndiponso ngati mphunzitsi amalembamo mawu othandiza mwana kapena amangoika chizindikiro chofiira basi. Kuwonjezera apo, lamulo la zamaphunziro la mu 2013 lidakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi loti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, monga m'mene zimakhalira ndi anamwino ndi madokotala. Mu 2018 Unduna udakonzanso ndondomeko yoti mphunzitsi azipitiriza kusula luso lake ali pantchito. Tanthauzo lake n'lakuti dipuloma ya ku Domasi kapena digiri ya ku Chancellor College siikwanira kumusunga munthu moyo wake wonse. Mphunzitsi wa lero akuyenera kuonetsa umboni wakuti akuphunzirabe. Umenewu ndiwo mtolo umene aphunzitsi athu asenza, ndipo mphatso yathu iyenera kuwapepuza mtolo umenewu.

Nkhani yophunzitsa ndi makina si yachilendo m'dziko muno. Sukulu yophunzitsa mwa makalata, imene pambuyo pake idadzatchedwa Malawi College of Distance Education, idayamba mu 1965, ndipo maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Ena muno adadzera ku ma DEC asanasandutsidwe ma CDSS mu 1998, ndipo akukumbukira mabuku a maseti amene ankawerenga okha. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, kotero kuti padalembedwa aphunzitsi zikwizikwi osadzera ku koleji, amene adadzaphunzitsidwa ali pantchito kupyolera mu pulogalamu ya MIITEP. Kuyambira mu 2008 kudabwera pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere, yophunzitsa ana a m'makalasi oyambirira. Amene mudaionera mukudziwa m'mene inkayendera: wailesi inkalankhula, kenaka inkakhala chete kudikira kuti mphunzitsi aimiritse ana, awafunse, awalozere pa bolodi. Pamene mphunzitsi adali wakhama, ana ankapindula. Pamene mphunzitsi ankatsegula wailesi n'kukakhala pansi pa mtengo, wailesi inkangolankhula yokha.

Za masiku ano zikutiphunzitsa chimodzimodzi. Mu 2013 pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe adayesa kuphunzitsa masamu pa matabuleti okhala ndi maphunziro a m'Chichewa opangidwa ndi bungwe la onebillion. Kafukufuku amene adachita a Nicola Pitchford a ku University of Nottingham adaonetsa kuti patatha masabata 8 ana amene ankagwiritsa ntchito matabuletiwo adapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Ntchito imeneyi idakula mpaka mu 2023 boma lidayamba pulogalamu ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale. Koma taonani zimene zidatsagana ndi matabuletiwo: maphunziro a m'chinenero cha mwana, magetsi a sola otchajira, nthawi yoikika pa ndandanda wa maphunziro, ndi mphunzitsi wophunzitsidwa kuyang'anira. Tsono yerekezani ndi dziko la Peru, limene lidagawira ana a sukulu malaputopu oposa 800,000. Kafukufuku amene adatuluka mu 2012 adapeza kuti anawo adadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi kuwerenga sadasiyane ndi anzawo amene sadalandire. Makina adafika m'manja mwa ana pamene kaphunzitsidwe kadali komwe kaja. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano ndilowe m'kalasi ya pasukulu pano, ndionetse malo amene makina angathandize mphunzitsi pa miyeso ija.

Malo oyamba ndi kudziwa phunziro. Ife tidaphunzira Physical Science, koma lero phunzirolo adaligawa pawiri, Physics ndi Chemistry, ndipo lililonse lili ndi mitu yake yozama. M'sukulu zambiri, makamaka za kumudzi, mumapeza mphunzitsi amene adaphunzira Biology akuphunzitsanso Chemistry chifukwa palibe wina. Munthu wotere safuna kunyozedwa, amafuna pokawerenga usiku asanakaime pamaso pa ana. Kale pokawerenga pake padali buku limodzi la mu laibulale, lothothoka masamba. Lero pali kabokosi kakang'ono, kosaposa chikhatho changa, kamene mumathiramo mabuku, mafilimu a maphunziro ndi mafunso oyeserera. Kabokosika kamatulutsa wifi yakeyake m'chipinda, ndipo aliyense amene ali ndi foni kapena laputopu amalumikiza n'kumawerenga popanda intaneti, popanda kugula bandulo. Mapulogalamu ngati Kolibri ndi Kiwix adapangidwira ntchito imeneyi ndipo ndi aulere. Kiwix amatha kusunga Wikipedia yense. Palinso zolemba za TESSA, zimene Open University ya ku Britain idakonza pamodzi ndi makoleji a aphunzitsi a mu Africa muno. Kabokosi kotere kataikidwa mu sitafu rumu, mphunzitsi wa Biology uja akhoza kuona m'mene mnzake wina amafotokozera za ma mole, n'kulowa m'kalasi mawa lake mtima uli m'malo.

Malo achiwiri ndi kukonzekera. Amene tidagwirapo choko tikudziwa m'mene sabata yoyamba ya teremu imathera: kujambula mizere ndi rula m'kope lalikulu, kukopera sikimu ya chaka chatha liwu ndi liwu, dzanja mpaka kuuma. Tikukumbukiranso mayeso a pa sitensulo, alembi akumenya taipi ndipo makina opukusa pamanja akutulutsa mapepala odetsedwa ndi inki, funso lachisanu losawerengeka. Sikimu ikalembedwa pa kompyuta, chaka chotsatira mphunzitsi sayambiranso pachiyambi. Amatsegula ya chaka chatha, amaona pamene adalemba kuti mutu wakutiwakuti udatenga masabata atatu m'malo mwa awiri, n'kukonza. Nthawi imene ikadathera pa kukopera imathera pa kuganiza. Mkulu wa dipatimenti naye amatha kuona masikimu a anzake onse pamodzi n'kuzindikira msanga kuti Fomu 3 ya kum'mawa yatsalira pamene ya kumadzulo yapita patali. Ndipo mphunzitsi akasamutsidwa pakati pa chaka, wolowa m'malo mwake amapeza poyambira.

Malo achitatu ndi kaphunzitsidwe keniken. Pali zinthu zimene choko chimalephera kuonetsa chifukwa zimayenda. Mphunzitsi wa masamu akafuna kuonetsa m'mene girafu imasinthira nambala imodzi ikasintha, amajambula magirafu anayi pa bolodi ndipo belu limalira asanamalize. Pa pulogalamu yaulere ya GeoGebra amangokoka nambalayo, girafu n'kumakwera kapena kutsika ana akuona, ndipo amatha kuwafunsa kuti, “Ndikaika 5 apa, ipita kuti?” asanakoke. Pa sayansi pali zoyeserera za PhET, zochokera ku University of Colorado Boulder, zimene adayambitsa mu 2002 ndi a Carl Wieman, katswiri amene adalandira mphotho ya Nobel. M'menemo mwana amalumikiza batire, waya ndi babu, amawonjezera chotchinga mphamvu ya magetsi n'kuona babu likuzilala. Komabe ndichenjeze pano. Mayeso a MSCE ali ndi pepala la pulakitiko, ndipo kumeneko mwana amagwira botolo lenileni ndi madzi enieni. Zimene aphunzitsi athu adaphunzira ku SMASSE, pulogalamu imene idayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan, ndiponso nzeru ya TALULAR yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, zikadali zofunika monga kale. Chithunzi cha pa khoma chimathandiza mwana kumvetsa chimene achite ndi manja, ndipo akatero achitedi ndi manjawo.

Malo achinayi, amene ine ndimawaona ngati aakulu koposa, ndi kayesedwe. Tiyerekeze kuti mphunzitsi ali ndi ana 80 ndipo wawapatsa mayeso a mafunso 10. Mwa nthawi zonse amachonga, amawonkhetsa, amalemba kuti uyu wapeza 62, uyu 35, n'kuwaika pa mndandanda kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Mndandanda umenewu umauza mwana kuti ndi wanzeru kapena ndi mbuli, koma sumuuza mphunzitsi choti achite Lolemba. Tsono tiyerekeze kuti malikisi a funso lililonse walowetsa m'mizere ya Excel, kapena pulogalamu ina yofanana nayo. Kompyuta imawonkhetsa chotsitsa, funso ndi funso, ndipo m'kanthawi kochepa zimaoneka kuti funso lachisanu ndi chiwiri alakwa ana 60 mwa 80, kuphatikizapo amene amakhoza nthawi zonse. Pamenepo vuto silili mwa ana. Mwina mutuwo sudamveke, mwina funso lidalembedwa mosokoneza. Mphunzitsi amadziwa pobwerera. Amathanso kuona kuti mtsikana amene ankapeza 70 teremu yatha watsika kufika pa 40 m'maphunziro atatu nthawi imodzi, n'kufufuza msanga chimene chachitika kunyumba mwanayo asanasiye sukulu. Muyeso uja wonena za kugwiritsa ntchito zotsatira za mayeso pothandiza mwana umatanthauza zimenezi, ndipo laputopu imodzi ikhoza kuchitira dipatimenti yonse ntchito imeneyi.

Malo achisanu ndi ana amene timawaiwala. M'masiku athu mnzathu wosaona bwino ankangokhala kutsogolo n'kumatsinzinira bolodi, ndipo tinkamuseka kuti ndi waulesi polemba. Lero pepala la mayeso likakhala pa kompyuta, kulikulitsa zilembo n'kumusindikizira lakelake ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA imene imawerengera munthu wosaona zimene zalembedwa pa kompyuta. Mwana wovutika kumva amatha kuonera filimu ya phunziro yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi, n'kuibwereza kangapo popanda kuchita manyazi. Aphunzitsi amene adaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi amadziwa zambiri pa nkhani imeneyi, ndipo ndi bwino tikawafunse tisanagule kanthu.

Malo otsiriza ndi kusula luso la mphunzitsi mwini. Palibe munthu amadziona kumsana. Mphunzitsi akhoza kuphunzitsa zaka khumi osadziwa kuti amafunsa ana a mizere iwiri ya kutsogolo yokha, kapena kuti akafunsa funso amaliyankha yekha mwana asanatsegule pakamwa. Foni yoimika pa desiki la kumbuyo, itajambula phunziro limodzi, imamuonetsa zonsezi popanda womudzudzula. Akaonera ndi mnzake wa m'dipatimenti, n'kulemba zimene agwirizana kusintha, umenewo ndi umboni wa kuphunzira ali pantchito umene ndondomeko ya 2018 ija ikufuna. Magulu a WhatsApp a aphunzitsi a phunziro limodzi m'kalasita nawonso amathandiza, malinga ngati akutumizirana mafunso ndi njira zophunzitsira, osati mauthenga a maliro ndi mpira okhaokha.

A Wapampando, walira mvula walira matope. Ndiyenera kutchulanso matope amene amabwera ndi mvula imeneyi.

Oyamba ndi magetsi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Ngakhale kumene mawaya adafika, tonse tikukumbukira m'mene zidalili mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, pamene magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mpaka kudzayamba kutsegulidwa mu Seputembala, maphunziro ena adaikidwa pa intaneti ndi pa wailesi. Funsani ana a m'midzi yozungulira sukulu ino kuti ndi angati adawafikira. Mwana wa m'tauni wa makolo a foni yabwino adapitiriza, mwana wa kumudzi adapita kudimba, ndipo atsikana ambiri sadabwererenso. Makina akhoza kukulitsa mpata pakati pa olemera ndi osauka ngati sitisamala. N'chifukwa chake mphatso yathu iyenera kukhala ya pasukulu, yogwiritsidwa ntchito m'kalasi momwe ana onse ali, osati yodalira chimene mwana ali nacho kwawo.

Achiwiri ndi ulesi wovala suti. Ndaonapo m'sukulu zina mphunzitsi ataika manotsi pa pulojekita, ana n'kumakopera mphindi 40 zonse, iye ali pa foni. Kumeneko n'kulembetsa manotsi kwa kale komwe, kungoti choko chapuma. Woyendera sukulu woona bwino adzamuika mphunzitsi ameneyo pa sitepe yoyamba ngakhale pulojekitayo ikhale yodula motani. Chiyambire mu Novembala 2022, pamene ChatGPT adatulukira, kwabweranso mapulogalamu amene amatha kulemba pulani ya phunziro m'mphindi imodzi. Amathandiza ndithu popereka maganizo ndi mafunso oyeserera. Koma sadziwa kuti kalasi lathu lili ndi ana 80 ndi mabuku 12, amapereka zitsanzo za m'maiko a eni, Chichewa chawo n'chopunduka, ndipo akalakwitsa amalakwitsa molimba mtima ngati mboni yonama. Mphunzitsi ayenera kuyika chilichonse chimene makinawa amupatsa pambali pa silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, n'kuchiyeza. Amene sadziwa phunziro lake sangazindikire bodza la makina, ndiye tabwereranso pa muyeso woyamba uja.

Achitatu ndi mwambo. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa n'kufalitsidwa pa mafoni, ndipo ana osalakwa adalembanso mu Januwale 2021. Foni imene imanyamula phunziro ndi yomweyo imanyamula chinyengo. Ndiponso ndinene mosabisa, popeza muno muli makolo: mphunzitsi wamwamuna alibe chifukwa cholemberana ndi mwana wa sukulu wamkazi pa foni usiku, ngakhale atati akumuthandiza masamu. Za sukulu zidzere pa gulu limene pali mphunzitsi wina ndi kholo. Malikisi a ana, zithunzi zawo ndi mbiri ya matenda awo si zomwaza pa WhatsApp kapena pa Facebook. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za milandu ya pa makina, ndi lina la mu 2024 loteteza mbiri ya munthu. Ifenso a bungwe lino tisamajambule ana osauka amene tawalipirira fizi n'kuwaika pa intaneti kuti anthu atiyamikire.

Tsono ndipereke maganizo anga ku komiti, kuti msonkhano uno uwakambirane.

Poyamba, tisanagule kanthu, anthu atatu a m'komiti akhale pansi ndi aphunzitsi a madipatimenti onse, a Sayansi, a Zinenero ndi a Humanities, awafunse kuti pa miyeso ija akuvutika pati. Safunsa adadya phula. Ife tidachoka pano zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ndipo sukulu imene tikuikumbukira si imene ilipo lero.

Chachiwiri, tiyambe ndi magetsi a sola a mu sitafu rumu ndi kalasi limodzi: mapanelo, mabatire ndi invetala, zoikidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake amene adzapezeke zikadzavuta. Tikumbukire kuti mabatire amatha pakapita zaka zingapo ndipo adzafunika ena.

Chachitatu, m'malo mogula makompyuta makumi awiri a pa tebulo, tigule malaputopu ochepa koma abwino, dipatimenti iliyonse ikhale ndi yake, pamodzi ndi pulojekita imodzi, pulinta imodzi yosavuta kupeza inki yake, ndi kabokosi ka mabuku kaja. Laputopu imadya magetsi ochepa ndipo ili ndi batire lake, kotero magetsi akazima ntchito siitayika. Chipinda cha makompyuta cha ana a Computer Studies n'chofunika, ndipo tidzachimanga, koma chikhale gawo lachiwiri. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Chachinayi, pa K100 iliyonse imene tiwononge, K20 ikhale ya kuphunzitsa aphunzitsi ndipo K20 ina isungidwe ya kukonzetsa. Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndalama imeneyo siidzaoneka pa chithunzi. N'zoona, koma ndi imene idzachititse kuti zooneka pa chithunzizo zikhale zikugwirabe ntchito pakatha zaka zisanu. M'bungwe lathu muli akatswiri a makompyuta, owerengera ndalama ndi aphunzitsi a m'makoleji. Aliyense atapereka Loweruka limodzi pa teremu kudzakhala ndi aphunzitsi athu, kuwaonetsa pa malikisi awo enieni ndi masikimu awo enieni, tikhoza kuchita zambiri kuposa semina ya ku hotela. Aphunzitsi achikulire amene amaopa kugwira kompyuta pamaso pa ana tiwaphunzitse paokha, mwaulemu, pakuti ena mwa iwo ndi amene adatiphunzitsa ife kugwira cholembera.

Chachisanu, anzathu a ku Johannesburg, ku London ndi kwina, tikuthokoza mtima wanu, koma chonde musatitumizire makompyuta amene maofesi a kumeneko ataya. Kuwaombola pa chipata kumadya ndalama, amafa pasanathe chaka, ndipo sukulu imasanduka dzala. Ndi bwino kutumiza ndalamayo.

Chachisanu ndi chimodzi, katunduyu alembedwe m'kaundula wa katundu wa sukulu, pakhale buku losainira wotenga ndi wobweza, ndipo aphunzitsi a ma CDSS a m'kalasita yathu aloledwe kudzakopera mabuku a m'kabokosi kaja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo chaka chamawa, tikadzakumananso m'holo muno, a Mphunzitsi Wamkulu asadzatiuze chiwerengero cha makina. Adzatiuze kuti ndi aphunzitsi angati amene masikimu awo ali pa kompyuta, ndi mitu iti imene idabwerezedwa chifukwa malikisi adaonetsa kuti siidamveke, ndi ana angati osaona bwino amene adalemba mayeso a zilembo zazikulu, ndiponso ngati oyendera sukulu adatikweza sitepe pa miyeso ya kaphunzitsidwe. Zikadzakhala kuti palibe chasintha, tidzakhale ndi mtima wovomera n'kusintha njira tisanathiremo ndalama zina.

Kwa inu aphunzitsi athu, tikudziwa kuti mukugwira ntchito m'makalasi odzaza, nyumba n'zosakwanira, ndipo malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Sitikubwera kudzakuwonjezerani ntchito kapena kudzakuyang'anirani. Ngati china mwa zimene ndatchulazi chikuoneka kuti chidzakulemetsani m'malo mokupepuzani, mutiuze lero lomwe, musatiope chifukwa tabwera pa magalimoto. Kwa inu ana athu a Fomu 4, mwamva zonse. Zaka zikubwerazi mudzakhala pa mipando ino, ndipo mudzatifunsa chimene tidachita ndi ndalama zimene tidasonkha.

A Wapampando, mutu umodzi susenza denga. Ndayala maganizo anga, tsono ndikusiyira msonkhano kuti uwonjezere, uchotsere, ndi kumanga mfundo tisanapite ku chakudya chamasana.